Yisiti ya azakhali sinali yodwala

Azakhali anga amagulitsa vitumbuwa ku Kapata, mu mzinda wa Chipata. Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anapita kumaliro ku Katete n'kundisiyira beseni la ufa wokanda kale. "Uziuyang'ana usatupe mopitirira, ndibwera madzulo."

Ine n'kuti nditangofika kutchuthi kuchokera ku Lusaka, mutu utadzaza sayansi. Tinali titaphunzira za Leland Hartwell, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001 limodzi ndi Paul Nurse ndi Tim Hunt. Mkuluyu ankafufuza yisiti, mtundu womwewu wa buledi, koma yokhala ndi puloteni imodzi yolumala. Pa madigiri 23 maselo ake amagawikana bwinobwino. Ukakweza kufika pa 36, puloteniyo imafooka, selo lililonse n'kuima pompo pamene limafunira puloteniyo. Ukaona pa maikulosikopu pamene aimira, wadziwa nthawi imene puloteniyo imagwira ntchito yake. Masiku ano ena amachita zomwezi ndi mazira a kanyongolotsi ka C. elegans, kusintha kutentha m'masekondi ochepa chabe selo lili mkati mogawikana.

Ndiye mpira unali kuyamba pa David Kaunda Stadium. Ndinati nkhani yaphweka: nditenthetse beseni, yisiti iime, indidikire. Ndinalikhazika pampando wakutsogolo wa Corolla ya amuna awo, pansi pa mtengo wa mango, mawindo onse tsekeni.

Pobwera ndinapeza ufa utatuluka m'beseni, utatsika pampando, utameza giya ndi handibuleki, wina ukulowera kumapedulo ukuchita thovu. Nditangotsegula chitseko nkhuku zinalumphiramo ngati zinalipira kale.

Nthawi yomweyo azakhali akutsika pa njinga yahayala. Anayang'ana galimoto, anayang'ana ine. Ndinayamba kufotokoza bwinobwino za madigiri 36, za puloteni, za Nobel. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"Wati yisiti ya a Hartwell akowo inali yolumala?"

"Ee, azakhali."

"Nanga yangayi, ya m'paketi yatsopano, anakuuza ndani kuti ikudwala? Imeneyi ikamva kutentha ndiye imasangalala. Katenge supuni."

Ndinapala mpaka mdima. Koma amene anaona zakuda ndi amuna awo, mkulu wa mpingo wosalawako ngakhale kadontho. Mlungu wonse galimoto inkanunkha mowa wamasese, ndipo pa rodibuloko wapolisi anawatsitsa n'kuwauza kuti amupumire kumaso.