Ng'ombe yomwe inandiyankhulira pa Cairo Road

Anandiphunzitsa npx, chida cha opanga mapulogalamu a kompyuta choyendetsera timapulogalamu ta pa intaneti, ndi mnzanga wa ku Katete yemwe timagawana desiki mu ofesi yathu ya pa Cairo Road ku Lusaka. "Iwe, zimenezi zinabwera mu 2017 ndi npm 5.2, unali kuti? Ungolemba npx ndi dzina la package, imatsitsa yokha n'kuyamba ntchito." Poyesera anandipatsa cowsay, kapulogalamu kojambula ng'ombe ndi zilembo za pa keyboard, maso ake ma o awiri, n'kuiyankhulitsa chilichonse chomwe walemba.

Malipiro anali atachedwa sabata ziwiri, ndipo tsikulo ndinali nditayenda wapansi kuchokera ku Kalingalinga. Ndiye ndinalemba: npx cowsay "Abwana, ufa sitigula ndi zikomo." Terminal, kazenera kolembamo malamulo a kompyuta, inafunsa kuti Ok to proceed? Ndinadina y, ng'ombe n'kutulukira, miyendo njoo, ikudandaula m'malo mwanga. Tinaseka mpaka misozi.

M'mawa mwake kunali msonkhano, abwana ali ndi alendo awiri a masuti. Laputopu yanga ndi yomwe inalumikizidwa ku projector. Ndimafuna npx serve kuti ndionetse webusaiti. Ulesi wanga ndi wa kalekale, sindilembanso zomwe ndinalembapo dzulo. Ndinadina kabatani koloza m'mwamba, kamene kamabweretsa lamulo lomwe unalemba komaliza, maso ali pa alendo, kenako Enter.

Mtima unali m'malo, poti npx imayamba yafunsa. Kani imafunsa pokhapokha ikafuna kutsitsa chinthu chatsopano. Ng'ombe ija inali itagona kale m'khola la cache, mosungira zomwe zinatsitsidwa kale, inangodzuka n'kuima pakhoma lonse, yaikulu ngati ya pa mwambo wa Chibwela Mushi.

Kunangoti zii. Ndinathamangira kulemba clear kuti ndifufute zonse, zala zikunjenjemera, ndinalemba claer. Command not found. Ng'ombe ili pomwepo, ikutiyang'ana.

Abwana anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso, n'kuwerenga mokweza liwu ndi liwu. Mlendo mmodzi anakhosomola chikhosomo chabodza. Winayo anafunsa mwaulemu kuti, "Imeneyi ndi mbali ya webusaitiyi?"

"Ayi," anatero abwana, "ameneyu ndi mneneri wa ogwira ntchito."

Ndalama zinalowa Lachisanu. Lolemba lake amayi otisesera mu ofesi anandikokera pambali pa masitepe, mopu ili m'manja.

"Mwanangu, ng'ombe yako ija ukaiuzeko kuti sopo anatha mwezi watha."