Zikomo nonse amene munandinyamula pa Statistics

Abale anga zotsatira zatuluka ndipo Statistics ija ndakhoza, ndiye sindingangokhala chete ngati ndinachita ndekha. Ena mukudziwa kuti mayi anadwalika kwambiri pakati pa semesita, ine masana kuntchito madzulo kuchipatala kukadikirira matenda, makalasi ena osapondako n'komwe mpaka ndinafika poganiza zongoisiya kaye kosiyi.

Poyamba ndithokoze alekichala athu, bambo inu Mulungu akudalitseni. Munandilola kulemba tesiti imene inandidutsa osandifunsa mafunso ambirimbiri, koma chimene sindidzaiwala ndi mmene munatiphunzitsira mean ndi median. Munati tiyerekeze amayi asanu a geni pamsika, phindu lawo pamwezi ndi K20,000, K25,000, K30,000, K35,000 ndipo wachisanuyo ali ndi golosale yake yaikulu amapeza K500,000. Mukaphatikiza zonse n'kugawa ndi 5 mean imatuluka K122,000, ndalama yoti anayi enawo sanaigwirepo, pomwe median, ya munthu wapakati mukawandandalika, ndi K30,000 basi ndipo ndi imene ikunena zoona za msikawo. Kuyambira tsiku limenelo ndikamva pawailesi kuti avereji ya chakutichakuti yakwera ndimayamba ndafunsa kuti awerengera ndani ndipo pakatipo palibe mmodzi amene akukokera onse m'mwamba?

Anzanga a pagulu lathu la WhatsApp, inu nde ndilibe nanu mawu. Mumajambula manotsi n'kunditumizira usiku, ena kundigawira bandulo ndisanapemphe. Achimwene amene munandikhazika pansi pa probability, masamu a mwayi woti chinthu chichitike, munabwera ndi madayisi awiri a ludo m'thumba n'kundilembetsa njira zonse 36 zimene angagwere, ndinawerenga ndekha ndi chala kuti 7 amatuluka m'njira 6 pomwe 12 ali ndi njira imodzi yokha, fomula ija ndinkangoiloweza inayamba kumveka pomwepo. Munandionetsanso ndi K10 yachitsulo kuti ngakhale igwe mbali imodzi kasanu motsatizana, ulendo wachisanu ndi chimodzi mwayi udakali theka ndi theka, ndalama sikumbukira zadzulo. Zimenezi zimandikhudza kwambiri chifukwa anyamata ambiri kwathu kuno akutha ndalama pobetcha ati ndaluza kokwanira lero nde ndiwina basi, ndikanakonda phunziro ili likanamafika kwa iwonso.

Chemwali wanga wa ku Zomba zikomo pondimasulira za sample pafoni mpaka batire kutha. Munati mu 2018 a National Statistical Office anawerenga aliyense m'dziko muno n'kupeza anthu oposa 17.5 miliyoni, koma kalembera wotere sangachitike chaka ndi chaka, nde kafukufuku wambiri amangosankha makomo ena mwamaere kuti aimire onse. Vuto limabwera ukasankha mokondera, zili ngati kugula thumba la chimanga utangoona chapamwamba pomwe chofumbwa chili pansi. Funso la bias, kukondera kumeneku, linabweradi pamayeso ndipo ndinalemba mawu anu omwewo.

Azakhali, munagona pansi m'wodi kuti ine ndikawerengeko, phala la mayi kuphika ndinu, zovala kuchapa ndinu. Bambo a kunyumba munasamala ana, kugula makandulo magetsi akazima, kundibwerekera kakyuleta kwa anzanu. Amayi a kumpingo amene mumabwera kudzazonda ndi kupemphera nafe, zikomo zikomo. Mayi anatuluka ali kunyumba ndipo ayamba kuyendayenda pakhomo.

Amene mukulemba sapu (mayeso obwereza) kapena mukuyamba kosiyi semesita ikubwerayi musachite manyazi, ndiyankhuleni ku inbox. Loweruka masana ndimakhala ndilipo, manotsi onse ndasunga ndi mapepala a mayeso akale, inu mungobwera ndi kakyuleta ndi kope lanu tiyambire pa standard deviation, muyeso wa mmene manambala amatalikirana ndi mean, poti ndi pamene ambiri amakakamira.