Meseji imodzi ya malipiro inatiimika pageti maola awiri ku mkumano wa anime

Mapazi akundiwawabe mpaka pano, haori yanga (chijasi cha chi Japan chomwe ndinavala) ndayanika kuseri pachingwe, koma ndati ndilembe zisanazizire chifukwa kukadzakhalanso mkumano wa anthu okonda anime (makatuni a ku Japan) kuno ku Blantyre ndikudziwa kuti wina adzagwera mdzenje lomwe tinagweramo ine ndi mlongo wanga Loweruka lapitali. Ndiyambe ndi chachikulu ndipo ndichibwerezanso kutsogoloku: tikiti lipirani ndi nambala yanu, pafoni yanu, meseji ya malipiro musaifufute. Itengeni screenshot, transaction ID ija muilembenso papepala muike mthumba.

Mmene zimayendera ndi chonchi. Positala inazungulira pa WhatsApp ndi pa Instagram, tikiti K10,000 ukagula tsikulo lisanafike, K15,000 ukagulira pageti, wofuna kulowa mpikisano wa cosplay (kuvala ngati anthu a mu anime) awonjezere K5,000 ndipo akalembetse patebulo la mkati 11 koloko isanakwane. Kulipira kwake pa Airtel Money kapena Mpamba, kenako utumize dzina lako kwa okonza kuti akuike pa list. Ine tsiku lomwe ndimalipira mfoni munalibe kanthu, ndalama zinali zapamanja, nde ndinangopita kwa ajenti wa pafupi ndi kwathu ku Chilomoni nkumupatsa K20,000 ya anthu awiri kuti atumize iyeyo. Anatumizadi ine ndikuona, anandionetsa meseji pafoni yake, ine nkugwedeza mutu nkumapita. Nditafika kunyumba ndinawalembera okonza aja maina athu awiri, nkunena nthawi yomwe ndalama yapita komanso kuti yachokera kwa ajenti, iwo anandiyankha ndi kachala kaja koloza mmwamba. Kwa ine nkhani inathera pompo.

Loweruka tinafika paholo cha mma 9, mzere unali utayamba kale kukhota kutsata mpanda. Kunja kuli chiperoni, kamvula kaja kosaoneka koma konyowetsa. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka patebulo, pali mtsikana ndi mapepala atatu osindikiza ndi cholembera. Anayang'ana, anatembenuza, anayang'ananso.

"Achimwene, maina anu palibepo apa. Meseji ya malipiro ilipo?"

Ndinafotokoza za ajenti, ndinamuonetsa macheza a pa WhatsApp, kachala kaja kali pompo ndi tsiku lake ndi nthawi yake. Iye amvekere, "Foni imeneyo sindisunga ine, imakhala ndi abwana, ndipo atuluka akasaka mafuta a jenereta. Imani pambali kaye." Asisi, ndinatero, nambala yomwe yandiyankhayi ndi yomweyi ili pa positala yanuyi, taonani. Anati akuona koma lamulo lomwe wapatsidwa ndi loti popanda dzina kapena transaction ID munthu asalowe. Sindikumuda mtsikanayo, anangoikidwa pamenepo ndi mapepala osakwanira, koma amene anatenga foni yomwe ili ndi umboni wa malipiro a anthu onse nkupita nayo kukafola mafuta pa tsiku la iventi yenilenilo ndi amene anandipsetsa mtima, ndipo sitinali tokha, pambali paja tinaima anthu ngati asanu ndi atatu, ena analipira kudzera kwa amayi awo, wina kwa mnzake wa ku koleji, tonse nkhani imodzimodzi.

Ndinayesa kumuimbira ajenti uja, foni yozimitsa. Kuimbanso, chimodzimodzi. Ndipamene ndinakumbukira kuti mkuluyo ndi wa Sabata, Loweruka kabenchi kake satsegula ndipo foni sayatsa mpaka dzuwa litalowa. Apa nde ndinadziwa kuti zativuta.

Ndibwerere kaye mmbuyo kuti mumvetse chifukwa chake 11 koloko imandiwawa chonchi. Ife tinavala ngati Tanjiro ndi Nezuko a mu Demon Slayer, mchimwene ndi mlongo wake, nde zinatikwanira bwino. Mlongo wangayu ali Fomu 2, chiyambireni kuonera anime imeneyi sanaisiye, ndipo ndi iyeyo anandikakamiza kuti tipite. Tinayamba kukonzeka kudakali mwezi wathunthu ndipo inunso muyambe msanga choncho, sabata imodzi siyikwana. Nsalu ya mabokosi obiriwira ndi akuda ya haori ya Tanjiro ndinaisaka tsiku lonse ku Limbe, mashopu a nsalu onse ndi mumsika momwe, kulibe. Zitenje zilipo mbwee, za mabokosi zomwe ndinapeza zinali zofiira zangati za yunifomu ya sukulu. Mapeto ake ndinagula nsalu ziwiri, yobiriwira payokha yakuda payokha, nkupita nazo kwa telala wina wachikulire amene amasokera pakhonde ku Ndirande. Ndinawaonetsa chithunzi pafoni, anachikulitsa ndi zala, anachiyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti, "Mwana wanga, apa ndiye kuti ndidule timabokosi ndilumikize kamodzikamodzi, si ntchito ya tsiku limodzi iyi." Anadula katoni ya sikweya ngati muyezo, nkumajambula ndi choko pansalu, ndipo nditapitako tsiku lachitatu ndinapeza timabokosi taunjikidwa milu iwiri pambali pa makina, takuda uku tobiriwira uku, atapanikiza ndi mwala kuti tisauluke ndi mphepo. Inawatengera sabata ndi theka. Ukaitembenuza mkati mwake misoko yokhayokha, koma kunja ngodya zonse zinakumana bwinobwino. Telala mupatseni chithunzi cha kutsogolo ndi cha kumbuyo komwe, ndipo mugwirizane mtengo asanadule.

Zina zonse ndi za pa kaunjika. Jekete yakuda ndi buluku lakuda zinapezeka pa belo ku Limbe komweko, lamba woyera chimodzimodzi. Ndolo ndinapanga ndi katoni ya nsapato ndi penti. Nezuko ndi wosavuta kuno kwathu chifukwa nsungwi yomwe amakhala atailuma pakamwa ija sitinagule, tinakadula kumunda kwa agogo, kuipala ndi sandipepa kuti isacheke milomo, kuboola mbali zonse nkulowetsa riboni yofiira. Wigi yaitali yakuda tinabwereka kwa achemwali a pasaluni ya pafupi. Mlongo wanga madzulo aliwonse akaweruka amayeserera kayendedwe kake ka pa siteji mchipinda chochezera, masekondi makumi atatu okha koma anawabwereza kaya kangati.

Nde tili pambali paja 10 koloko inakwana, hafu pasiti, abwana osaoneka. Ndolo zanga za katoni zinayamba kufewa ndi chinyezi, penti kuyenderera mkhosi. Mkati nyimbo zikumveka, anthu akukuwa. Mwanayu sanadandaule olo kamodzi, anangovula nsungwi ija nkuigwira mmanja, kenako anandikoka malaya nkunena chapansipansi, "Achimwene, tingobwerera, musawononge ndalama zina." Mawu amenewo ndi amene anandipangitsa kutulutsa ndalama zomwe ndinasungira chakudya ndi transipoti nkuonjezera zomwe ndinabwereka kwa mnzanga amene anali kale mkati, ndinalipiranso K30,000 pageti, mtengo wa pageti osati wa poyamba uja, mtsikana nkundilembera pakapepala kong'amba mkope kuti adzabweza akatsimikiza. Kapepalako musakane kulandira ndipo muonetsetse kuti pali tsiku ndi siginecha.

Sizinathere pomwepo. Pakhomo lenileni gadi anandiimitsa chifukwa cha lupanga langa la Tanjiro. Linali lamtengo, anandisemera kalipentala, lolemera ndithu. "Ichi sichilowa bwana, chisiyeni pano mudzatenga potuluka." Apa sindinakangane, mholo modzaza anthu ndi ana chinthu chotero chikhoza kuvulazadi wina, kungoti pa positala sanalembepo. Anzathu omwe analowa ndi zida zawo anapanga za katoni, za siponji kapena paipi yopyapyala ya pulasitiki yokulunga ndi tepi. Pangani zotero, nzopepuka komanso mu minibasi kondakitala sakuvutitsani.

Tinafika patebulo la cosplay nthawi ili 11:20. Atseka. Ndinachonderera, ndinafotokoza kuti kuchedwa kwathu kwachokera pageti panu pomwe, anati maina apita kale kwa oweruza. Mwezi wonse uja, timabokosi ta madala aja, zonse kuthera pa mphindi makumi awiri. Ndikunenanso, lipirani ndi nambala yanu. Ngati mfoni mulibe ndalama, ajenti akuikireni mu akaunti yanu kaye kenako mutumize nokha, meseji ibwere kwa inu.

Koma mkati munali bwino, zimenezo ndisabise. Sindimadziwa kuti mu Blantyre muno tilipo ochuluka chonchi. Ambirife tinayambira mma vidiyo sho ndi ma CD a ku burning centre, kuonera Dragon Ball Z zigawo zodumphadumpha, lero Goku akumenyana ndi uyu mawa nkhani ili kale kwina, kenako kunabwera ma flash ndi kupatsana pafoni chifukwa bando yoti uonere One Piece yomwe inadutsa zigawo 1,000 mu 2021 ndani angaikwanitse. Nthawi ina anazimitsa nyimbo nkuika chithunzi cha Akira Toriyama pa projekita, amene anajambula Dragon Ball ndipo anamwalira pa 1 March 2024, holo yonse inangoti zii, kenako madoda ena a ndevu zawo omwe anabwera ndi ana awo anayamba kuomba mmanja, tonse nkutsatira. Ine khungu linachita tsemwe. Panali a Naruto ambirimbiri ndi timipango tawo tapachipumi topangidwa ndi chitini, a Luffy ndi zipewa zamlaza zogula pamsika zomwe zinakhala ngati anazilukira zomwezo, ndi mnyamata wina wamtali wovala ngati Gojo amene anthu amafola kuti ajambulitse naye. Musanajambule munthu pemphani kaye, makamaka atsikana ndi ana, MC anachita kulengeza kangapo.

Ndalama zapamanja tengani, zing'onozing'ono. Kumbali kunali matebulo a achinyamata ojambula akugulitsa ma sticker, zithunzi zojambula pamanja ndi ma keyholder, netiweki mholo imavuta chifukwa cha kuchuluka kwa anthu nde kulipira pafoni kumakanika, chenji cha K5,000 nachonso palibe amene anali nacho. Pawabanki musaiwale, masoketi anali ochepa ndipo onse analanda a magemu. Chakudya cha mkati chodula, ife ndalama zinali zitathera pageti nde tinatuluka nkukagawana chipsi cha pachiwaya tsidya la msewu, potuluka onetsetsani kuti akudindani padzanja kuti mulowenso. Za zovala, valani zamkati kunyumba, haori ndi wigi mukavalire komweko, koma osadalira kutoileti chifukwa kunali mzere wa anthu osintha ndipo pansi ponyowa. Ife tinavalira kuseri kwa holo, wina kugwirira mnzake chitenje.

Pa mafunso mlongo wanga anatulukira. Anafunsa kuti anime ya Demon Slayer inayamba kuonetsedwa chaka chanji ndipo inapangidwa ndi studio iti, iye dzanja mmwamba, 2019, ufotable, osaganiza nkomwe. Anampatsa sticker ndi botolo la Fanta. MC atamuona bwinobwino anafunsa chifukwa chake sali pa mpikisano, ndinafotokoza mwachidule, ndipo mpikisano utatha oweruza akuwerengera mamalikisi anamuitana kuti angoyenda pa siteji. Anaika nsungwi yake pakamwa, anayenda masekondi ake makumi atatu aja ndendende mmene amachitira kunyumba, anthu anakuwa dzina la Nezuko mpaka spika kusamveka. Mphoto sanapikisane nawo koma potsika maso ake anali mbee misozi ili mmasaya, ndipo MC uja ndimuthokoza kuchokera pansi pa mtima.

Wina mnzanga amati ndisadandaule kwambiri, zinthu zikungoyamba kumene kuno. Ndikuvomera, olo Comiket, mkumano waukulu wa okonda zoterezi ku Tokyo, yomwe lero imadzaza holo yaikulu ya Tokyo Big Sight inayamba mu 1975 ndi anthu pafupifupi 700 okha, kuchepa si vuto ndipo ndidzapitanso. Koma kusunga list yolondola sikufuna holo yaikulu kapena sponsa, kumafuna munthu mmodzi wokhala pansi usiku wa Lachisanu nkufananiza mameseji ndi maina, ndi kusiya foni ija pageti. K30,000 kwa ine ndi ndalama ya transipoti ya masiku ambiri.

Potuluka lupanga ndinalipeza lili bwinobwino, gadi analiimika kuseri kwa chitseko pamodzi ndi maambulera. Tulukani kusanade ngati mukudalira minibasi, ife tinachedwa ndi zithunzi nde tinakwera kabaza mpaka mtauni ndi ndalama yobwerekanso. Lamulungu mmawa ndinalawirira kwa ajenti uja, anafufuza mmameseji ake mpaka anaipeza, ndinaijambula, transaction ID ndi kapepala kosainidwa kaja ndinatumiza kwa okonza nthawi yomweyo. Meseji ikuonetsa kuti anawerenga Lamulungu lomwelo 9:14 mmawa. Lero ndi Lachitatu, ndawakumbutsa kawiri, ndipo mawa ndikaweruka kuntchito ndiwaimbira.