Mapaundi 600 amene anandithera mbuzi ziwiri

Pochoka ku England kumapeto kwa Seputembala 2022 ndinatsanzika aliyense. Ndinatsanzika anzanga a kuntchito kunyumba yosamalira okalamba, abusa, alandilodi, ngakhale mwini golosale wa pakona amene ankandisungira ufa woyera. Amene ndinaiwala kuwatsanzika ndi a khonsolo, ndipo anthu amenewo ukapanda kuwatsanzika amati ukadalipo.

Kwa inu amene simunakhaleko, kumeneko kuli msonkho wa nyumba wotchedwa Council Tax, womwe unayamba mu 1993. Kuno ma city rates ndi mutu wa mwini nyumba, koma uko amalipira ndi wogonamo, ngakhale ali pa lendi. Nyumba anaziika m'magulu kuyambira A mpaka H potengera mtengo wake wa mu Epulo 1991, nthawi imene ine nsapato ndinkangoziona kumapazi kwa aphunzitsi. Kanyumba kanga kanali mu A, gulu la ife a manja lende, ndipo poti ndinkakhala ndekha ankandichotserako 25 peresenti. Yotsalayo inali mapaundi 1,200 pachaka. Chaka chawo chimayamba pa 1 Epulo, koma ndalamayo amaidula kakhumi, Epulo mpaka Januwale. Inkachoka yokha kubanki, mwakachetechete ngati khoswe m'nkhokwe.

Ndinafika kwathu ku Dedza ndi madramu awiri a katundu, amene ndinatumiza ndi mapaundi 500 obwereka kwa alamu anga a ku Leeds. "Musadandaule alamu, tidzakambirana," anatero pondiperekeza.

Mu Febuluwale 2023 ndinati ndione kandalama kamene ndinasiya kubanki ya uko, kodikirira matenda ndi maliro. Ndinapeza kataphwa. Okutobala 120, Novembala 120, Disembala 120, Januwale 120. Miyezi inayi ndakhala ndikulipirira anthu otola zinyalala mumsewu umene sindikhalamonso, uku zinyalala zanga ndikuzikwirira ndekha kudzala. Nditawerengera bwino, mapaundi 120 ena anali oti ndinalipiriratu ndisanachoke, chifukwa cha kadulidwe kakhumi kaja. Onse pamodzi 600.

Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene ndinkachiona ngati nzeru. Ndinachotsa zotsalazo n'kutseka akaunti, kuti khoswe asapezenso polowera. Usiku umenewo ndinagona tulo ta munthu wochenjera.

Netiweki kwathu imagwira bwino pachulu cha m'munda mwa amalume. Ndinakwera pachulupo 9 koloko m'mawa ndi mayunitsi ambiri, osakumbuka kuti mwezi umenewo England amakhala maola awiri kumbuyo. Kunali kusanatsegule. Ndinabweranso dzuwa lili paliwombo. Anandiika pamzere ndi kanyimbo kena kozizira, ndipo pakanthawi kalikonse mayi wina ankandiuza kuti foni yanga ndi yofunika kwambiri kwa iwo. Mphindi 26 zitatha munthu weniweni anayankha, n'kunena dzina lake, mayunitsi n'kutha.

Tsiku lachitatu ndi pamene tinalankhulana. Anafunsa nambala ya akaunti ya msonkho, yomwe imakhala pakalata yawo ya chaka ndi chaka. Kalatayo inabwera m'dramu, koma amayi anaona kuti pepala lake n'lolimba, ndiye anakulungiramo mbewu ya mpiru n'kulitsomeka kudenga la khitchini. Ndinalitsitsa lili bii ndi mwaye. Nambala inapulumuka, mpiru unatayika, ndipo amayi sanandilankhule mpaka madzulo.

Kenako fomu ya pa intaneti. Inkafuna nambala ya nyumba ndi dzina la msewu. Ndinalemba kuti kuseri kwa chigayo, moyang'anana ndi mjigo. Poopa kuti sakhulupirira, ndinapita kwa amfumu kukatenga kalata yotsimikiza kuti ndine mwana wa m'mudzi uno ndipo ndinabweradi. Amfumu anailemba mwaluso, anatchulamo agogo anga ndi malire a munda wathu, n'kumenyapo chidindo kawiri. Ndinasiyako tambala. A khonsolo anayankha kuti zikomo, koma iwo ankangofuna tsiku limene ndinabweza makiyi kwa alandilodi.

Chilungamo chake, anthuwo sanakane ngongole. Anavomera kuti mapaundi 600 ndi anga, ndipo awabweza msanga mu akaunti yomwe ankadulamo ija.

Ndinakhala pansi pachulu pomwepo.

Njira yotsala inali cheke. Ndinapereka bokosi la makalata la sukulu ya pulaimale ya kwathu, monga timachitira tonse. Chekecho anachilemba mu Epulo. Zimene chinakumana nazo panjira akudziwa ndi Mulungu, koma chinandipeza mu Novembala, m'manja mwa ahedi eniake, atavala tayi.

"Bambo, ndinangoti ndione ngati ndi kalata ya sukulu," anatero, envulopu ili yong'ambika kale pakona.

Ahedi ndi munthu wosunga chinsinsi. Anangouza akazi awo okha. Pofika kumjigo nkhani inali ya mapaundi 6,000. Pofika kuchigayo inali 600,000, ndipo wotumiza anali Mfumu Charles mwiniwake, pothokoza kuti ndinasamalira bwino mayi ake. Choipitsitsa, sabata yomweyo kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mudzi wonse unasanduka akatswiri a zachuma. Amalume anabwera ndi kope la masamu.

"Mphwanga, anthu tonse m'dziko muno tasauka usiku umodzi, iwe wekha walemera. Usaiwale kuti chulu chija n'changa."

Anabwera azakhali ndi nkhani ya malata. Anabwera asuweni amene ndinawaona komaliza pamaliro a agogo. A komiti ya tchalitchi anandisankha kukhala mlendo wolemekezeka pa pepa sande, ine kulibe. Alendo sangagone ndi njala, ndiye mbuzi yoyamba inapita. Ndikati ndalamayo ndi yochepa, onse ankagwedeza mutu momwetulira, amvekere anthu olemera amalankhula choncho. Mbuzi yachiwiri inapita Lamlungu.

Lolemba ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe, cheke chili m'thumba la mkati, dzanja lili pamtima ngati woimba nyimbo ya fuko. Mtsikana wa pakauntala kubanki anachitembenuza kawiri, anaitana abwana ake, abwanawo n'kuloza deti ndi cholembera.

"Achimwene, cheke chikapitirira miyezi 6 ndi pepala chabe. Ichi chili ndi 7."

Ndinabwerera pachulu. Amalume anali ataikapo kampando ndipo ankakhala pafupi kuti amve okha. Ulendo uno a khonsolo anati ngati ndili ndi munthu wodalirika ku England, ndilembe kalata yovomereza, ndisainire, ndalamayo ilowe mu akaunti yake. Ndinaseka. Munthu wodalirika ndinali naye.

Patatha masabata atatu foni inalira usiku. Anali alamu a ku Leeds, mawu ali mwaa ndi chimwemwe.

"Alamu, zalowa! Ndiye ndati zija tinati tidzakambirana zija, tisavutikenso n'kukambirana. Ndakutumizirani 100 yotsalayo, kuchotsapo yotumizira."

M'mawa mwake amalume anandipeza pakhonde, kope lawo lili m'khwapa. Ndinawaonetsa uthenga wa pafoni. Anauwerenga kawiri, n'kuvula magalasi.

"Chabwino mphwanga. Za a khonsolo zatha. Nanga za Mfumu Charles zifika liti?"