Mmene ndinafikira ku msonkhano wa AMESA ndi chingwe changa cha mfundo 12

Ndabwerako, mtima wakhala pansi, koma ndikakumbukira kalata ija yopempha chilolezo cha ulendowu mutu umanditenthabe. Aphunzitsi anzanga a masamu amene mukufuna kukaonetsa kaphunzitsidwe kanu kunja kwa dziko, imvani mmene ndinayendera ine.

Msonkhanowu ndi wa AMESA, bungwe la aphunzitsi a masamu ku South Africa lomwe linayamba mu 1993. Amakumana chaka ndi chaka nthawi yozizira, cha kumapeto kwa June kapena kumayambiriro kwa July. Musaope kuti ndi za madokotala a ku yunivesite okhaokha. Kuli gawo lomwe amalitcha "How I teach", la ife a choko m'manja, pomwe umangoonetsa zimene umachita m'kalasi mwako. Za kulemba pepala lofotokoza zimene ukaonetse ndi kulitumiza sinditaya nazo nthawi, malangizo ake ndi omveka ndipo anandiyankha bwinobwino.

Chimene ndinapita nacho ndi chingwe. Ana anga a Fomu 2 amaloweza lamulo la Pythagoras (lokhudza mbali za trayango yokhala ndi ngodya ya sikweya) ngati nyimbo, koma ukatembenuza chojambula pabolodi asokonezeka. Ndiye ndimatenga chingwe, kumanga mfundo 12 zotalikirana mofanana, n'kulumikiza nsonga zake kuti chikhale chozungulira. Ana atatu amagwira mfundo zitatu n'kukoka mpaka chingwe chitakungika. Atatuwo angapange mitundu itatu yokha ya trayango: 4, 4, 4, kapena 2, 5, 5, kapena 3, 4, 5. Ndimawasiya aziyesa okha mpaka wina atafuula kuti ya 3, 4, 5 ikulowa ndendende pangodya ya kalasi. Amisiri omanga amachita zomwezi poyala maziko a nyumba, ndipo mwana amene bambo ake ndi mmisiri nthawi yomweyo maso amayera. Kenako timatuluka panja, kujambula masikweya pansi ndi kamtengo, n'kuwerenga: 9 ndi 16, mbali yayitali 25. Ndi kalasi la ana oposa 80 palibe chipangizo china chotsika mtengo chotere.

Tsono kalata. Mphunzitsi wa m'boma satuluka m'dziko popanda chilolezo, makamaka sukulu ili mkati. Ahedi athu anasainira tsiku lomwelo, Mulungu awadalitse. Vuto linali ku ofesi ina ya pamwamba, kutali ndi sukulu yathu, kokwera minibasi ziwiri. Ulendo woyamba anati bwana osainira apita ku msonkhano, siyani kalatayo. Ndinasiya. Patatha sabata ndinabwerera, kalaliki n'kundiyang'ana m'maso n'kunena kuti kalata yanga sanayionepo. Ndinalibe umboni uliwonse, ngakhale kapepala. Pamenepa ndi pamene ndikukupemphani: musasiye kalata pa ofesi musanachite fotokope, ndipo fotokopeyo ayidinde ndi kulembapo tsiku limene alandira. Akachita ulesi, imani pomwepo mpaka adinde.

Ndinabwerera kusukulu, ahedi analemba ina, ulendo wachitatu. Ndinakhala pabenchi kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Atandiitana, akuti masiku a msonkhanowo akugundana ndi mayeso a MSCE, ndiye ndibweretse kalata ina yotsimikiza kuti sindili pa mndandanda wa oyang'anira mayeso. Mfundoyo ndi yoona, sindikukana. Koma bwanji osandiuza tsiku loyamba? Masiku a msonkhano anali atalembedwa pamwamba penipeni pa kalata yondiitana. Chimene chinandiwawa kwambiri si ndalama ya minibasi. Tsiku lililonse limene ndinakhala pabenchi lija, ana anga a Fomu 4 anali okha m'kalasi, mayeso atayandikira, ndipo tinali tisanabwereze bwino za ma vector. Masiku anayi athunthu anapita chifukwa cha siginecha imodzi.

Ndaiwala kunena za ndalama yolembetsera. Ukalipira msanga mtengo umakhala wotsikirapo, koma ine sindikanalipira ndisanadziwe ngati andilola. Pamene chilolezo chinatuluka, tsiku la mtengo wotsika linali litadutsa. Ndipo chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, randi iliyonse yowonjezera imamveka m'thumba la mphunzitsi. Anandipulumutsa ndi alamu anga a ku Johannesburg amene anandilipirira komweko. Choncho yambani za chilolezo tsiku lomwe mwatumiza pepala lanu, musadikire yankho. Ndipo funsani pakhomo pomwepo kuti, "Kupatula izi, pakufunikanso pepala lanji?" Auzeni akulembereni.

Ulendo ndinayenda pa basi: Blantyre, Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, mpaka Beitbridge. Ndi pasipoti ya Malawi viza sifunika ku South Africa ngati sukupitirira masiku 30, koma onani kuti pasipotiyo siili pafupi kutha. Pa Beitbridge anandifunsa kumene ndikupita, ndinatulutsa kalata yondiitana, basi ndinadutsa. Kalata imeneyo ikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'katundu wa pansi pa basi. Jekete yokhuthala musayisiye, kuzizira kwa kumeneko si kwa ku Dedza ayi, n'koposa.

Tsiku langa litafika sindinagwiritse ntchito kompyuta. Ndinaimiritsa aphunzitsi atatu, kuwagwiritsa chingwe, ena onse atazungulira. Anakangana ngati ana anga omwe. Mayi wina anafunsa kuti nanga 5, 12, 13 pafunika mfundo zingati, wina kumbuyo n'kuyankha kuti 30, ndipo tinathera nthawi yotsala kukambirana ngati chingwechi chikutsimikiza lamulo kapena chikungolionetsa. Chikungolionetsa, ndipo anandipatsa njira yodula mapepala imene ndingatsatizepo kuti ana aone chifukwa chake limagwira pa trayango iliyonse yokhala ndi ngodya ya sikweya. Imeneyo ndayamba kale kuyikonzekera teremu ikubwerayi.

Chingwecho ndinachisiya komweko kwa mayi uja, ndimanga china. Pobwerera ofesi yomwe ija inafuna lipoti la ulendo. Ndinapita nalo ndi fotokope yake, ndipo sindinachoke pa kauntala mpaka atadinda.