Kapu ya chimanga patsiku: mmene mwana angaphunzirire kupatsa pa Khirisimasi

Ana ambiri amaidziwa Khirisimasi ngati tsiku lolandira: zovala zatsopano, mpunga wa nkhuku, Fanta, ndi kuyenda khomo ndi khomo akufuula kuti "Khirisimasi bokosi!" Palibe cholakwika pamenepo. Koma kholo lofuna kuti mwana aphunzirenso kupatsa lisadikire m'mawa wa pa 25 Disembala n'kumusenzetsa jumbo yoti akasiye kwa agogo akuseri. Mwana wotero wangotumidwa, ngati mmene amatumidwira kuchigayo. Kuti zimulowe, m'jumbomo mukhale kanthu kamene iyeyo wasonkhanitsa kapena wadzimana.

Yambani pa 1 Novembala. Pezani ndowa ya malita 20 yokhala ndi chivindikiro ndi kapu yomwera tiyi. Tsiku lililonse mwana azitapa kapu imodzi ya chimanga m'thumba la pakhomo n'kuthira m'ndowamo. Pofika Khirisimasi akhala atathira makapu opitirira 50, pafupifupi makilogalamu 10, ndipo ndowa ikhala itadutsa theka. Sungani chimanga, osati ufa. Ufa wa mgaiwa ukakhalitsa nyengo ya mvula umayamba fungo ndi kuwawa, pomwe chimanga chouma bwino, chovindikira, chimafika. Mukagayitse sabata yomaliza, ndipo mwanayo apite nawo kuchigayoko.

Wa zaka zinayi kapena zisanu ntchito yake ndi yomweyo ya kapu, ndalama sanazizindikire. Wa zaka zisanu ndi ziwiri kupita m'tsogolo mupatseni kachitini koboola pamwamba. Pa ndalama yogulira zitumbuwa kusukulu aziponyamo K200 pa sabata. Pakatha masabata asanu ndi atatu muli K1,600. Ndi yochepa, inde, ndipo kholo lidzawonjezera, koma musatsegule kachitiniko iye kulibe, ndiponso musabwerekemo ya machesi. Mwana akangozindikira kuti ndalama zake zinagwira ntchito ina, chaka chamawa sadzaponyamo ngakhale K50. Amene ali kusekondale apatsidwe udindo wolemba zogula ndi kukanenerera kumsika.

Zogula zikhale zokhalitsa: shuga paketi ya kilogalamu imodzi, mchere, mtanda wa sopo, machesi, nyemba makilogalamu awiri, kabotolo ka mafuta ophikira, usipa wouma. Mabisiketi ndi maswiti zimakoma m'maso mwa mwana, ndiye muloleni aikemo kanthu kamodzi kokha. Chifukwa chake mumufotokozere: Disembala kumudzi ndi nthawi imene nkhokwe zayamba kupepuka, ndalama zathera feteleza ndi mbewu, ndipo njala yeniyeni ikubwera mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga cha m'munda chisanache.

Nkhani ya zovala ndi imene imavumbula mtima wa makolo. Ambiri amatulutsa zong'ambika, zopanda mabatani, zoti akanazisandutsa chokolopera. Mwana amaona, ndipo amaphunzira kuti wosauka ndi dzala. Chovala chopereka chichapidwe, chisitidwe, batani lisokedwe, chipindidwe bwino. Mwanayo asankhe yekha ziwiri kapena zitatu zimene zamuchepera. Musamulande chidole kapena malaya amene amawakonda kwambiri poti aphunzire kudzimana. Chimene adzakumbukire ndi kulira kwake, osati amene analandira.

Wolandira akhale munthu wapafupi, amene mwana adzakumane naye ngakhale Khirisimasi itapita: gogo wolera zidzukulu, banja limene lili ndi wodwala nthawi yaitali, ana amasiye a pamudzi pomwepo. Mwana atchule mayina, inu musankhe, ndipo munthu wamkulu akayambe wacheza nawo kuti asadzidzimuke. Kumadera ena okalamba amanenedwa za ufiti, ndipo ana amamva mphekesera zimenezi kuchitsime ndi kusukulu. Ngati mwana akuopa khomo limenelo, musamukalipire. Pitani naye, mukhale pansi, mupereke moni, aone inuyo mukumwa madzi a pakhomopo.

Kaperekedwe kakenso kamafuna kuyeserera kunyumba. Kuodira pakhomo, kudikira kupatsidwa pokhala, kulonjerana kaye, kenako kupereka ndi manja awiri, mtsikana atagwada, mnyamata atanjuta. Mawu akhale ochepa: "Agogo, takutengerani kangachepe aka." Asanene kuti "poti ndinu osauka", ndipo asakalengeze kwa anzake pobwerera. Foni ikhale m'thumba. Chithunzi cha gogo atanyamula paketi ya shuga chikangofika pa Facebook kapena pa gulu la WhatsApp la kumpingo, mwana amaphunzira kuti mphatso ndi njira yotchukira. Pa Mateyu 6:3 paja pamanena za dzanja lamanzere losadziwa zimene lamanja likuchita.

Ena amakonda kukacheza kuchipatala pa 26 Disembala, poti ndi tsiku la tchuthi. Funsani kaye kwa namwino woyang'anira wodi masiku angapo zisanachitike, chifukwa zipatala zambiri sizilola ana aang'ono kulowa m'mawodi, ndipo chakudya chophikaphika sichiyenera wodwala aliyense. Kumalo ophikira a magadiyani n'kumene mwana angafike mosavuta, ndipo kumeneko ufa, nkhuni, sopo ndi shuga zimalandiridwa ndi manja awiri.

M'mabanja achisilamu dongosololi lilipo kale. Zakati ya Fitiri, chopereka cha kwa osauka pakutha pa mwezi wosala kudya wa Ramadani, imaperekedwa pa munthu aliyense wa m'nyumba, ngakhale khanda, pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka kapena atatu a chakudya chimene anthu amadya kuderalo, ndipo ifike kwa wosowa swala (pemphero) ya chikondwerero cha Idi isanayambe. Mwana ayeze yekha gawo lake la mpunga kapena chimanga pa sikelo, m'malo mongouzidwa kuti bambo analipira kale kumzikiti.

Ndowa ija musaibise Khirisimasi ikatha. Pa 2 Januwale kapu iyambirenso, ndipo chakumapeto kwa Febuluwale mwana abwerere kukhomo lomwe lija ndi zimene zasonkhana. Ulendo wachiwiriwu ulibe nyimbo, ulibe zovala zatsopano, njira imakhala matope okhaokha, ndipo nthawi zambiri mumakapeza mphika wa nsima sunakhale pamoto kuyambira dzulo.