Kuyeza mbewu ya nsomba ndi shirimpi m'mphepete mwa nyanja zamchere

M'maphunziro anga a za usodzi, gawo limene landigwira mtima kwambiri ndi la kayezedwe ka kuchuluka kwa ana a nsomba ndi a shirimpi (tinyama ta m'madzi ta m'gulu la nkhanu), amene timawatcha mbewu, m'mphepete mwa nyanja zamchere. Shirimpi ya mtundu wa Penaeus monodon, imene alimi ambiri amaweta m'maiwe, imaikira mazira kutali ndi gombe, ndipo ana ake amabwera ndi madzi mpaka m'malo amene mitsinje imathirira m'nyanja komanso m'nkhalango za mangrove (mitengo yomera m'madzi amchere kugombe), kumene amakulira asanabwerere kwakuya. N'chifukwa chake kafukufuku amachitikira m'madzi osayawa.

Wofufuza amakoka ukonde wa maso ang'onoang'ono pamalo omwewo kwa nthawi yofanana ulendo uliwonse, kenako amasankhula zimene zakodwa, n'kulemba chiwerengero cha mtundu uliwonse pamodzi ndi kutentha kwa madzi ndi mchere wake. Madzi a m'nyanja amakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa lita, koma pamathiriro mcherewo umatsika mvula ikagwa, ndipo mitundu yopezekapo imasinthanso. Mwezi nawo uli ndi mbali yake, pakuti ukakhala watsopano kapena wathunthu madzi amakwera kwambiri ndipo kawirikawiri mbewu imalowa yochuluka. Chiwerengero cha tsiku limodzi sichinganene zoona za chaka chonse.

Chimene chandikhudza koposa ndi nkhani ya ku Bangladesh. Kumeneko mabanja osauka, makamaka amayi ndi ana, akhala akugwira mbewu ya shirimpi m'mitsinje ya kudera la nkhalango za mangrove la Sundarbans kuti agulitse kwa alimi. Ogwira mbewuwo amatola ya Penaeus monodon yokha, pamene ana a nsomba ndi a shirimpi zina, amene amakhala ochuluka kwambiri kuposa ofunidwawo, nthawi zambiri amatayidwa pamtunda n'kufa. Boma linaletsa mchitidwewu m'chaka cha 2000, koma sunatheretu chifukwa anthuwo analibe njira ina yopezera ndalama.

Ine ndikuona kuti kafukufuku wowerenga mbewu yogulitsidwa yokha ndi woperewera, chifukwa zotayidwazo ndi zimene zikanakula n'kudzakodwa m'maukonde a asodzi a m'dera lomwelo. Wofufuza ayenera kukhala pambali pa wosankhula mbewuyo, kuwerenga zotsala m'beseni zisanatayidwe, ndi kumufunsa miyezi imene mbewu imachuluka, popeza iyeyo ndiye amalowa m'madzimo tsiku ndi tsiku.